Tifunseni: Mwana akavutika maganizo, malo a bambo ndi ati?

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu a m'madera osiyanasiyana a Lilongwe, ndipo ngakhale kuti olemba ake sadziwana, onse akukhudza nkhani imodzi. Mwana akayamba kuvutika maganizo, amene amaonekera kuchipatala ndi mayi, pamene bambo, atsibweni ndi agogo, omwe mawu awo ndi amene amamanga kapena kumasula zinthu pakhomo, amatsala kunyumba. Monga mwa nthawi zonse, mayina tawachotsa ndipo makalata ena tawafupikitsa. Mayankho athu salowa m'malo mwa kupimidwa ndi achipatala.

FUNSO: Bambo ake akuti akungofunika mkwapulo

Ndine mayi wa ana atatu. Mwana wanga woyamba, mnyamata wa zaka 13 amene ali Sitandade 7, wasintha kwambiri kuyambira teremu yatha. Kale anali wokonda mpira ndi macheza, koma tsopano akaweruka amangolowa kuchipinda n'kugona chagada maso ali kudenga, nsima amangotema kawiri n'kusamba m'manja, ndipo m'mawa uliwonse wa tsiku la sukulu amadandaula m'mimba. Ndapita naye kuchipatala katatu, malungo sanamupeze nawo, ndipo ulendo womaliza anamwino anandiuza kuti mwanayu akuoneka wokhumudwa kwambiri, ndikabwere ndi bambo ake. Nditawauza abambo akunyumba, omwe amayendetsa minibasi, anayankha kuti sangasiye ntchito n'kukakhala pamzere wa azimayi, ndipo kuti mwana wamwamuna wotere akungofunika mkwapulo chifukwa ine ndamusasatitsa. Kodi ndizingopita naye ndekha osawauzanso?

Mayi wothedwa nzeru, Area 25

YANKHO: Amayi, tsiku limene achipatala anakupatsani likakwana pitani naye mwanayo, kaya bambo ake avomera kukuperekezani kaya akana, pakuti chithandizo cha mwana sichiyenera kudikira kuti akuluakulu ayambe agwirizana. Chimene sitikuvomereza ndi mawu anu akuti "osawauzanso", chifukwa chochitika mobisa m'banja chimadzaululika tsiku loipa, ndipo amene angadzasenze mkwiyo wake ndi mwana yemweyo.

Zimene mwafotokozazi achipatala amazidziwa bwino. Mwana akasiya zinthu zimene ankazikonda, n'kuyamba kudzipatula ndi kukana chakudya kwa masabata opitirira awiri, pamakhala chifukwa chokwanira choganizira matenda a kukhumudwa kapena nkhawa. Ana ambiri sadziwa kunena kuti mtima wawo walemedwa, choncho thupi ndi limene limawanenera: m'mimba, mutu, chizungulire, mtima kuthamanga. Ululuwo amaumvadi, sakunamizira, ndipo poti umabwera masiku a sukulu okha, kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti mudziwe ngati pali amene akumuzunza kapena kumuseka, kapena ngati akuchita mantha ndi mayeso a Sitandade 8 amene akubwera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndiponso kuti pafupifupi theka la matenda a mtunduwu limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Kalasi ya ana 70, yomwe si yachilendo m'sukulu za boma mumzinda muno, ikhoza kukhala ndi ana 10 otere, kotero nkhani yoti munamusasatitsa ichotseni mumtima mwanu.

Anamwino aja sanaitane bambo kuti akawazenge mlandu. Kuonana ndi achipatala kumatenga mphindi zowerengeka, pamene mwana amakhala pakhomo sabata yathunthu, ndipo malangizo amene mungapatsidwe, monga kuleka kumukwapula, kumulimbikitsa mofatsa kuti asasiye sukulu, kumuyambitsanso mpira, ngakhalenso ndalama yoyendera ulendo wotsatira, zonsezi zimadutsa m'manja mwa bambo. Bambo amene sanadzimvere yekha malangizowo amawamvera pakamwa pa mkazi wake, ndipo m'makutu mwake zimamveka ngati mkazi wayamba kulamula pakhomo atabwereka mawu a dokotala. Chithandizo cha ana ambiri chimafera pamenepo, pamkeka wodyera nsima yamadzulo.

N'chifukwa chake kaitanidwe kake n'kofunika kwambiri. Mukanena kuti "akuchipatala akuti mupite", mwamuna amamva ngati walandira samani ya kukhoti. Nenani zoona zomwezo mwa njira ina, kuti anamwino akufuna kudziwa mmene mwanayu amakhalira akakhala ndi bambo ake, ndiponso ngati kuchimuna kunakhalapo wina amene anadwalapo chonchi, mafunso amene inu simungawayankhe bwino. Munthu woitanidwa monga mboni yodziwa kanthu amadzuka msanga kuposa woitanidwa monga wolakwa. Nthawi yake nayo muisankhe, pakuti usiku umene dalaivala wafika ali wotopa, tageti ya mwini galimoto isanakwane, palibe mawu abwino amene angalowe.

Dandaulo lawo la ntchito musalipeputse, chifukwa dalaivala akasiya galimoto tsiku limodzi ndalama ya tsikulo yapita, ndipo nthawi zina pobwerera amapeza makiyi ali ndi wina. Pemphani anamwino kuti akuuzeni ola lenileni loti bambo afike, kapena alembe m'buku la kuchipatala la mwanayo kuti akufuna kuonana nawo, kapenanso ayankhule nawo pa foni yanu kwa mphindi zochepa. Alipo abambo amene amakana mawu a akazi awo kwa miyezi, koma n'kufewa atangoona cholembedwa ndi dzanja la achipatala. Zikakanika, pezani mwamuna amene iwo amamumvera, kaya achimwene awo, mnzawo wa pasiteji, mkulu wa mpingo kapena shehe. Ankhoswe asungeni kaye, poti kubwera kwa ankhoswe kumatanthauza kuti pali mlandu, ndipo abambowo akhoza kukonzekera zodziteteza m'malo momvetsera za mwana.

Za mkwapulo, ife sitikukhulupirira kuti bamboyu amadana ndi mwana wake. Kawirikawiri pansi pa mawu aukali otere pamakhala mantha oti mwana wawo woyamba adzatchedwa wamisala, oti adzamutengera ku Zomba, oti anzawo pasiteji adzawaloza chala. Afotokozereni kuti ana ambiri a vuto ili amathandizidwa ndi uphungu akugona kwawo ndi kumapita kusukulu, ndipo kuti kugonekedwa pa chipatala cha Zomba Mental n'kwa odwala kwambiri. Chipatala chaching'ono chikaona kuti vuto lakula chimatumiza mwana kwa anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo muno mu Lilongwe momwemo, ndipo bungwe la Akatolika la St John of God, lomwe limathandiza odwala matenda a maganizo ndipo m'dziko muno linayambira ntchito zake ku Mzuzu, lili ndi malo ake ku Area 43. Mkwapulo ukhoza kumudzutsa mwana kuti apite kusukulu mawa, koma umamuphunzitsanso kuti zowawa za mumtima sanena. Chaka ndi chaka malipoti a apolisi a dziko lino amaonetsa kuti mwa anthu odzipha ochuluka ndi amuna, ndipo ife timaona kuti chiphunzitso choti mwamuna salira, chimene mnyamata amachimeza pa msinkhu ngati wa mwana wanuyu, chili ndi gawo lake pamenepo.

Musawapemphe abambowo kuti amukhazike mwana pansi n'kumufunsa kuti vuto lake n'chiyani, pakuti onse awiri adzangoyang'ana pansi. Apempheni chinthu chaching'ono chimene angachithe. Lamlungu akamatsuka minibasi amutenge mnyamatayo, wina agwire ndowa wina chinkhupule, kapena apite limodzi kukaonera mpira pabwalo la m'dera lanu. Anyamata amamasuka kuyankhula manja ali pantchito ndipo maso sakuyang'anizana, ndipo ngakhale sabata yoyamba atapanda kunena kanthu, adzakhala atadziwa kuti bambo ake akumufuna pafupi.

FUNSO: Anandifunsa kuti mayi ake ali kuti, mwana akumva

Akazi anga anamwalira chaka chatha ndipo ndinatsala ndi mwana wamkazi wa zaka 8. Mwanayu anasiya kukodza pogona ali ndi zaka 4, koma chichitikire malirowo wayambiranso pafupifupi usiku uliwonse, ndipo ndikachedwa kuchokera ku maganyu ndimamupeza ataima pamsewu akulira. Nditapita naye kuchipatala china, pabenchi ponse mwamuna ndinali ndekha, ndipo titalowa, wachipatala asanandipatse n'moni womwe anafunsa kuti, "Nanga mayi ake ali kuti?" Mwanayo anangoweramitsa mutu. Ndinatuluka ndi manyazi ndipo sindikufunanso kubwererako. Achibale akuti ndimupereke kwa mayi ake aang'ono kumudzi chifukwa mwamuna sangalere mwana wamkazi.

Bambo woferedwa, Chinsapo

YANKHO: Pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani, abambo. Munachita chinthu choyenera, ndipo funso limene munalandira linali lolakwika ngakhale kuti wofunsayo mwina sanafune kukupwetekani. Zipatala zathu zinazolowera kwa zaka zambiri kuti mwana amabwera ndi mayi: zithunzi za pakhoma ndi za amayi, nyimbo za kusikelo ndi za amayi, ndipo maphunziro a m'mawa amayamba ndi mawu akuti "amayi nonse". Achipatala amene amawerenga tsamba lino akumbukire kuti pa nkhani ya uchembere zinthu zinasinthapo kale, pamene zipatala zambiri zinayamba kulimbikitsa amuna kuperekeza akazi awo oyembekezera kusikelo kuti akayezetse magazi limodzi, mpaka kumathandiza msanga amene abwera awiri. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwanso kuti bambo azipatsidwa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. Ndiye n'zomvetsa chisoni kuti bambo amene timamuitana mwana ali m'mimba timamudabwa akabwera naye mwana yemweyo ali ndi zaka 8. Funso loyenera ndi lakuti, "Inu ndinu ndani wake, ndipo pakhomo amakhala ndi yani?" ndipo silidya nthawi yoposa linalo.

Bwererani kuchipatala, komweko kapena kwina, ndipo mukangokhala pansi yambani ndinu kunena kuti mayi ake anamwalira mwezi wakutiwakuti ndipo vutoli linayamba pambuyo pake. Mwana amene anakhala nthawi yaitali osakodza pogona n'kuyambiranso ayenera kuyezedwa mkodzo, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo, shuga ndi likodzo amachititsa zomwezo, ndiponso achipatala adzafuna kudziwa ngati amachita chimbudzi bwinobwino. Zimenezi zikapanda kupezeka, gwero lake likhoza kukhala chisoni.

Ana amalira maliro mosiyana ndi akuluakulu. Masana amasewera fulaye ndi anzawo ngati palibe chimene chachitika, ndipo anthu amati mwana waiwala, koma usiku thupi limaulula. Kuima pamsewu kuja ndi mantha oti inunso tsiku lina simudzabwera, choncho m'mawa uliwonse muuzeni nthawi imene mubwerere, ndipo mukaona kuti muchedwa tumizani uthenga kwa oyandikana nawo nyumba kuti amuuze. Chizolowezi chathu chouza ana kuti amayi anapita ulendo chimachokera mumtima wachifundo, koma mwana wouzidwa choncho amadikira, ndipo akatopa kudikira amayamba kuganiza kuti anamuthawa chifukwa anali wosamvera. Wa zaka 8 akhoza kumva mawu akuti "anamwalira", ndipo ayenera kumvanso kuti sichinali chifukwa cha iye. Mloleni afunse, mloleni asunge chithunzi kapena chitenje cha mayi ake, ndipo misozi yanu ikatuluka iye akuona palibe chimene mwaononga.

Pa za kukodzako, musamukalipire ndipo musalole aliyense kumuopseza ndi chule kapena kumuimbira nyimbo zomunyoza, pakuti sachita dala ndipo manyazi amangokulitsa vutolo. Madzi amwe okwanira masana, madzulo achepetse, tiyi wa usiku aleke, ndipo akodze asanagone. Yalani pepala la pulasitiki pansi pa chogonera, muike tochi ndi kachitini pafupi, chifukwa ana ena amadzuka ndithu koma amaopa chimbudzi cha panja mumdima. M'mawa chapani zofunda mwakachetechete, ndipo tsiku limene wadzuka pouma muyamikireni.

Za kumudzi, maganizo athu ndi akuti mwana amene wataya mayi n'kuchotsedwanso kwa bambo, kusukulu yake ndi kwa anzake amakhala waferedwa kawiri. Koma akuchikazi musawatsekere khomo. Mayi aang'onowo azibwera kudzacheza, mwana azipita kumudzi nthawi ya holide, ndipo akamadzayandikira kutha msinkhu adzafunika munthu wamkazi womulangiza amene anamuzolowera kale.

FUNSO: Ndine mkamwini, mawu anga sakumveka

Ndinakwatira chikamwini ndipo ndimakhala kwawo kwa akazi anga. Mwana wathu wamwamuna wa zaka 6 anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4 mpaka anakomoka masiku atatu. Anachira, koma tsopano amagwa khunyu kawiri kapena katatu pamwezi, sakhazikika malo amodzi ndipo amamenya anzake. Kuchipatala anatipatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse, koma atsibweni ake, omwe ndi eni mbumba, aletsa. Akuti mwanayo analodzedwa, apo ayi ine ndinamutsempha chifukwa cha kuyendayenda, ndipo akufuna kupita naye kwa asing'anga. Akazi anga akuopa alongo awo.

Bambo wa ku Mitundu

YANKHO: Abambo, mbiri imene mwafotokozayi ndi yodziwika kwa madokotala a ana m'dziko muno. Malungo akafika mu ubongo mpaka mwana kukomoka, nthawi zina amasiya chipsera chimene chimadzaonekera patapita miyezi, ndipo kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti ena mwa ana opulumuka malungo otere amayamba kugwa khunyu, kusakhazikika ndi kukwiya msanga. Kumenya anzake kuja musakutenge ngati mwano wamba, ndipo mukakunene kuchipatala pamodzi ndi khunyulo, makamaka chifukwa mankhwala ena, monga phenobarbitone, amawonjezera kusakhazikika mwa ana ena ndipo achipatala akhoza kuwasintha.

Mankhwala a khunyu amagwira ntchito pokhapokha akamamwedwa tsiku lililonse, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kukhoza kuyambitsa kugwa kotalika kumene kumaika moyo pachiswe. Ngati anasiyidwa kale, pitani kuchipatala sabata ino kuti akuuzeni mmene angayambirenso. Pa mfundo imeneyi musagonje. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika udindo wosamalira mwana pa makolo ake, ndipo silisiyanitsa pakati pa bambo wa chikamwini ndi wa chitengwa.

Komabe lamulo musalinyamule ngati chibonga, chifukwa mukhoza kupambana mkangano n'kupeza kuti mapiritsi akutayidwa kudzala inu mukapita kumunda. Mwini mbumba akuchita zimene mwambo unamupatsa, zoteteza ana a mlongo wake, ndipo chimene chamupweteka mwina n'chakuti zinthu zinagamulidwa kuchipatala iye kulibe. Dzerani kwa ankhoswe anu, omwe pankhani ngati iyi ndi malo awo enieni, ndipo mupemphe mwaulemu kuti atsibweniwo atsogolere ulendo wotsatira wa kuchipatala monga mkulu wa banja, akafunse okha mafunso awo onse, ngakhale la tsempho lomwe. Ngati sangayende, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti abwere pakhomo, anyakwawa ali pomwepo. Mapemphero angapitirire, koma mugwirizane kuti mankhwala a kuchipatala saimitsidwa, mwana satemedwa mphini ndipo samwetsedwa zinthu zosadziwika mlingo wake.

Atsibweniwo apatsidwenso ntchito yoti aitsogolere, yophunzitsa mudzi wonse zoyenera kuchita mwana akagwa. Amuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, amuikire chofewa kumutu, asamupanikize, asamuike supuni kapena chala m'kamwa, asamumwetse kanthu, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke cham'mbali. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, athamangire naye kuchipatala. Anthu amve kuchokera pakamwa pa mwini mbumba kuti khunyu silipatsirana kudzera m'malovu kapena mumpweya wotuluka m'thupi, chifukwa chikhulupiriro chimenechi n'chimene chimachititsa kuti mwana wogwera pamoto apse anthu ataima patali. Asamakhale yekha pamoto, pachitsime kapena kudambo, koma kusukulu azipita, aphunzitsi atauzidwa za vuto lake.

FUNSO: Ndili kutali, ndingatani?

Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo kunyumba ndimabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Mwana wathu wa zaka 11 wayamba kulandira uphungu chifukwa cha mantha ndi maloto oopsa chiyambire pamene akuba anathyola nyumba yathu usiku. Ndalama ndimatumiza mwezi uliwonse. Kodi pali chinanso chimene ndingachite?

Bambo wa ku Mchesi, amene ali ku Joni

YANKHO: Chilipo, abambo. Sankhani tsiku ndi ola loti muziyankhula ndi mwanayo payekha sabata iliyonse, ndipo musamaliphonye. Mwayi wake ndi wakuti nthawi ya ku Johannesburg ndi ya ku Lilongwe ndi imodzi. Musayambe ndi kufunsa za mayeso, ndipo akakuuzani za malotowo musathamangire kunena kuti alimbe mtima, mvetserani mpaka amalize. Pemphani aphunguwo, kudzera mwa mayi ake, kuti tsiku lina mulowe nawo m'zokambirana pa WhatsApp. Mwa ndalama zimene mumatumiza, patulani yolimbitsira chitseko ndi mawindo, ndipo mwanayo aone ntchitoyo ikuchitika atauzidwa kuti atumiza ndi bambo ake. Tsiku lobwerera kunyumba musalilonjeze ngati simunatsimikize.

FUNSO: Kodi tiitane banja lonse?

Mwana wa mchimwene wanga, mtsikana wa zaka 15 amene ali Folomu 2, amakhala ndi mayi ake ndi bambo omupeza. Masiku apitawa anabwera kwathu ndipo tikutsuka mbale anandiuza kuti bola kungofa. Ndaona kuti akangomva mawu a bambo omupezawo amanjenjemera n'kutuluka panja, ndipo amakana kutsala nawo awiri pakhomo. Mayi ake akuti ndisawapasulire banja. Anzanga akuti tiitanitse msonkhano wa banja lonse kuti mtsikanayo anene pamaso pa onse chimene chikumuvuta.

Azakhali, Kawale

YANKHO: Azakhali, msonkhano umenewo musauitanitse. Zonse zimene tanena pamwambapa zokokera abambo pafupi zimagwira ntchito pamene bambo si amene mwana akumuopa. Sitikudziwa chimene chikuchitika m'nyumbamo ndipo sitikuweruza munthu, koma mwana amene amanjenjemera akamva mawu a munthu wamkulu sangayankhule zoona munthuyo atakhala pampando patsogolo pake, ndipo akakakamizidwa akhoza kukana zonse n'kubwerera kukagona m'nyumba yomweyo atadziwika kuti anayamba kuulula.

Choyamba ndi moyo wake. Mawu akuti bola kungofa asatengedwe ngati chibwana. Khalani naye pamalo a awiri ndipo mumufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo ana ambiri amapepukidwa akaona kuti wamkulu wamva. Akavomera, musamusiye yekha, tsekerani kutali mankhwala onse a m'nyumba, a kumunda ndi ophera makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati n'kotheka azigona kwanu masiku ano, ndipo mayi ake mungawauze kuti mwanayo sakupeza bwino ndipo mukufuna kumuyang'anira.

Akayamba kufotokoza, musamupanikize ndi mafunso ndipo musamufunse chifukwa chake sananene msanga. Muuzeni kuti mwamukhulupirira, kuti si wolakwa, ndipo musamulonjeze kuti mudzasunga chinsinsi, chifukwa ngati akuchitidwa nkhanza mudzafunika kuuza amene angamuteteze. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho nkhanza kwa mtsikana wa zaka 15 si nkhani yothera pakhomo ndi mbuzi kapena nkhuku ya chipepeso. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Chikwanekwane pa chipatala cha Kamuzu Central, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi, kapenanso ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza pa polisi ya m'dera lanu. Ngati wagwiriridwa posachedwa musazengereze, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72.

Mayi ake musawatenge ngati mdani, pakuti mwina akuopa kusowa pogwira banja likatha, ndipo a zachisamaliro cha anthu amadziwa kuyankhula ndi makolo otere. Mchimwene wanu, amene ndi bambo ake omubereka, ngati ali moyo ndipo mtsikanayo amamukhulupirira, auzidwe, koma muyambe mwamufunsa mtsikanayo mmene akufunira kuti bambo ake amve, ndipo muwachenjeze achimwene anuwo kuti asapite kukachita ndewu, chifukwa akamangidwa mwanayo adzasowa kholo lomuperekeza kuchipatala ndi kukhoti.